Mutu 6: Makilo a M'kapaketi

1. Jonas abwera ndi katoni

Ku minda ya tiyi ya ku Thyolo kuno, mawu akuti kilo si ocheza nawo. Mwana amayamba kumva za makilo asanadziwe n'komwe kuwerenga zala zake. Mayi akabwera madzulo nkhope ili gwa, ana safunsa, amadziwiratu kuti makilo sanakwane. Akabwera akuimba nyimbo ya kukwaya chapansipansi, ndiye kuti sikelo yalankhula bwino tsiku limenelo.

Jonas, bambo wamalonda wa pa Luchenza, ankazidziwa bwino zimenezi. Munthu wake anali wa pakamwa poterera ngati therere. Mu Januwale wa 2004, tiyi ataphuka ndi mvula, anatulukira pa esiteti atamangirira katoni pakaliyala wa njinga. M'katonimo munali timapaketi tonyezimira, pamwamba pake atajambulapo mphezi. M'kapaketi kalikonse munali timibulu titatu tofiirira, totsekemera, tomata m'mano. Anthu sanachedwe kutipatsa dzina lakuti timphezi.

"Amayi anga, bwerani muone nokha," anatero Jonas, chala chili pakapaketi. "Apa alemba kuti 450 kcal. K ameneyu mukumudziwa, ndi kilo yemwe uja wa pasikelo. Makilo 450 a mphamvu m'kapaketi kamodzi! Nanga inu patsiku mumathyola angati?"

"Makilo 44, ndiye tsiku lakwana," anayankha mayi wina.

"Ndiye werengani nokha. Kapaketi kamodzi, mphamvu za masiku khumi!"

Ha! Masamu akewo anamveka okoma m'makutu. Paja pa esitetipo antchito ankalandira chakudya chamasana kushedi, mgaiwa ndi nyemba kapena nandolo. Koma kuchokera ku munda wa nambala 9 kukafika kushediko, kuima pamzere, kudya ndi kubwerera, ola lathunthu linkatha. Ola limodzi m'nyengo ya tiyi ndi makilo asanu kapena kuposa. Amayi ambiri anayamba kusiya mbale zawo kunyumba, n'kumangoponya timphezi m'kamwa manja ali pantchito.

Amene anatengeka kuposa onse anali a Zakeyu, kapitawo wa gulu la amayi a ku nambala 9. Anali munthu wa ndodo m'khwapa ndi wenzulo pakhosi, ndipo akanena chinthu sankakonda kuchibwereza. Iwo ndiwo anapita kwa manijala kukapempha kuti gulu lawo lisiye chakudya cha kushedi, m'malo mwake aliyense azilandira timapaketi tiwiri patsiku kuchokera kwa Jonas.

Manijala anati sangachotse chakudya cha anthu eni ake asanavomere. Anati abweretse pepala lokhala ndi zala za amayi onse a m'gululo. Tsiku lodinda zalazo analiika Loweruka, nthawi ya sikelo ya masana.

2. Munthu wa makilo 900

M'nyumba ya a Zakeyu munkakhala Teleza, mwana wa mlongo wawo. Anali ndi zaka 15, ndipo ankaphunzira Fomu 2 pasekondale yoyendera imene inali kuseri kwa fakitale ya tiyi. Kwawo kwenikweni kunali kumudzi cha ku Kapichi. Kuchokera kumudziko, munthu ankayenda maola awiri kuti afike ku nambala 9, ndi ola linanso kuti afike kusukulu. Pakanapanda kachipinda ka kwa malume akewo, sukulu ya Teleza ikanathera Sitandade 8.

Amayi ake, a Miriam, ankathyola tiyi m'gulu la achimwene awo lomweli. Iwo ankalawirira kuchokera kumudzi tsiku ndi tsiku.

Mtsikanayu anali ndi vuto limodzi, ngati tinganene kuti ndi vuto. Chilichonse cholembedwa ankachiwerenga mpaka pansi. Ngakhale pepala lokulungira zitumbuwa ankayamba waliwongola kuti aone zimene linanena, zitumbuwazo zikuzizira.

Lachinayi ataweruka kusukulu anadzera ku nambala 9 kuti akaone amayi ake. Anawapeza atakhala pansi pa mtengo wa m'mbali mwa msewu, dengu lili pambali, manja akunjenjemera. Anzawo onse anali m'mizere ya tiyi.

"Amayi, mwatani?"

"Palibe, ndi chizungulire chabe. Chitha posachedwa."

"Mwadya koma?"

"Ndadya tiwiri. Makilo 900 amenewo, mwanawe. Mwina mphamvu zachuluka, thupi silinazolowere."

Teleza anatsegula chikwama n'kutulutsa chinangwa chophika ndi nthochi imodzi zimene anasunga pa buleki. A Miriam anayamba akana, kenaka analandira. Chinangwacho chinatha Teleza asanatseke n'komwe chikwama chake.

"Munthu wa makilo 900 m'mimba sadya chinangwa chotero, amayi."

"Iwe usayambe zako. Amalume ako ndi munthu wodziwa zinthu."

A Miriam anadzuka, anabereka dengu lawo n'kubwerera m'mizere. Teleza anatola kapaketi kopanda kanthu kamene anataya, anakawongola bwinobwino n'kukaika pakati pa buku lake.

3. Timalemba ting'onoting'ono

Mawa lake, nthawi ya buleki, Teleza anatengera kapaketi kaja kwa Madamu Gondwe, mphunzitsi wa bayoloje amene anachokera ku Rumphi. Mphunzitsi ameneyu sankapatsa mwana yankho m'manja. Anamvetsera nkhani yonse, anayang'ana kapaketiko, n'kukabweza kwa mwini wake.

"Werenga mzere wonsewo. Usadumphe timalemba ting'onoting'ono."

Teleza anasendeza kapaketiko kufupi ndi maso. "Alemba kuti 450 kcal, kenaka akuti pa magalamu 100 alionse."

"Chabwino. Nanga kapaketiko n'kolemera bwanji?"

Teleza anakatembenuza. Pakona penipeni, pamene pepala linapindika, panalembedwa kuti magalamu 25. Anatenga choko n'kulemba pabolodi. Timapaketi tinayi ndiye tikukwana magalamu 100. Anagawa 450 panayi.

"Ndiye kuti kamodzi ndi 112 basi, Madamu?"

"Waona wekha. Tsopano mvera za K uja. Kilo amangotanthauza chikwi. Kilomita ndi mamita chikwi, kilogalamu ndi magalamu chikwi. Kilokalori ndi timakalori chikwi, ndipo kalori ndi kamuyeso kakang'ono kwambiri ka mphamvu za m'chakudya. Alibe chibale chilichonse ndi makilo a tiyi pasikelo. Mayi wogwira ntchito yoimirira tsiku lonse, dengu kumsana, amafunika makilokalori pafupifupi 2,500 patsiku, mwinanso kuposa. Mbale ya kushedi ija, mgaiwa ndi nyemba, ikhoza kufika 800, ndipo nyembazo zimamanganso thupi. Kapaketi kakoka kangofanana ndi nthochi imodzi yaikulu ya pamsika wa pa Thyolo."

"Nthochi imodzi!"

"Imodzi yokha. Tawerenganso zimene anapangira. Choyamba kulembedwa ndicho chochuluka."

"Shuga, ufa, mafuta. Mtedza uli kumapeto."

"Shuga ndi moto wa mapesi, umayaka msanga n'kuzimanso msanga. N'chifukwa chake amayi ako ankanjenjemera. Usamve molakwa, timeneti si poizoni ayi. Ukadya uli pa ulendo kapena pothamanga, palibe cholakwika. Koma si nkhomaliro."

Teleza anakwiya mpaka choko chinathyoka m'manja mwake. "Ndiye kuti Jonas ndi wabodza."

"Mwina ndi wabodza, mwinanso nayenso sanawerenge mpaka pansi," anatero Madamu Gondwe. "Paja safunsa anadya phula. Koma iwe tsopano wafunsa, ndipo wadziwa."

4. Mawu a malume

Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, a Zakeyu anali pakhonde akutsuka nsapato zawo za mphira. Anaitana Teleza, ndipo iye anabwera n'kugwada pambali.

"Mawa ulibe sukulu," anatero. "Amayi ena aja akukayika, akuti Jonas ndi wamalonda, sangamukhulupirire. Koma iwe amakudziwa, ndiwe mwana wawo, ndipo Chingerezi umachitha. Ubwere pasikelo masana. Ukawawerengere kapaketika mokweza, ukanene kuti makilo 450. Basi, ntchito yako ndi yomweyo."

Teleza anatulutsa kapaketi kaja m'buku. Anafotokoza zonse mwaulemu, za magalamu 100, za magalamu 25, za K wosakhala wa pasikelo, mpaka za nthochi. A Zakeyu anasiya kutsuka nsapato. Anayang'ana timalembato nthawi yaitali, ndipo zinaoneka kuti amva. Koma kumva ndi kuvomera ndi zinthu ziwiri.

"Tamvera bwino, iwe mwana wa mlongo wanga," anayamba motero. "Agogo ako anawoloka Ruo kuchokera ku Mozambiki atasenza mphasa yokha. Ine ndinalowa m'munda uno ndili ndi zaka 14, ndikuzula udzu ndi manja. Zaka 26 ndakhala ndikuti inde bwana, inde bwana, kuti ndipeze ndodo iyi ndi nyumba iyi. Lolemba lapitali ndinaima pamaso pa manijala n'kunena ndi pakamwa panga kuti kapaketi kamodzi ndi makilo 450. Ukufuna mawa anthu adziwe kuti kapitawo wakonzedwa ndi kamwana ka Fomu 2? Kapitawo akasekedwa kamodzi, wenzulo wake ulibenso ntchito, umangosanduka phokoso. Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Ukandiyalutsa ine, wayalutsa denga limene ukugonamo. Nyumba ino si yanga, ndi ya esiteti, ndipo amaipereka kwa munthu amene anthu amamumvera. Sukulu ndi yabwino, ine ndemwe ndinakutenga kumudzi kuti uphunzire. Koma mwana wophunzira wosadziwa potsekera pakamwa amaposa chitsiru. Tidinde kaye zalazo. Zinazo tidzakonza pang'onopang'ono, mwakachetechete, monga amachitira akuluakulu."

"Pang'onopang'onopo amayi azidya chiyani, malume? Dzulo ndawapeza atakhala pansi, manja akunjenjemera."

"Ndi malungo amenewo."

"Malungo sachira ndi chinangwa, malume."

A Zakeyu anamenya nsapato pansi, madzi n'kuthovukira pa diresi ya Teleza.

"Ukuyankha ine? Chabwino. Mawa usankhe wekha. Ukawerenge monga ndanenera, kapena ukawerenge zakozo. Koma ukawerenga zako, chikwama chako uchipeza pakhonde pano."

Teleza anadzuka n'kulowa m'nyumba. Kapaketi kaja anakabwezera m'buku.

5. Mawu a mayi

Loweruka Teleza anafika ku nambala 9 nthawi ya sikelo isanakwane. A Miriam atamuona anatuluka m'mzere n'kumukokera kuseri kwa mtengo. Achimwene awo anali atawauza kale zonse m'mawa.

"Mwanawe, undimvere ine mayi ako," anatero motsitsa mawu. "Ine njala ndinaizolowera. Dzana lomweli, chaka cha njala chija, tinadya zitsa za nthochi, kodi ndinafa? Chizungulire chimabwera n'kupita. Koma sukulu ikakuphonya sibwerera. Kumudzi kuja ndi kutali, ndipo mvula ikagwa mtsinje suwolokeka. Anzako onse amene unakhoza nawo Sitandade 8 ali kuti lero? Awiri ali ndi ana kumbuyo, wina uyo akuthyola tiyi mumzere wachitatu apo. Ine ndikulolera kudya timibulu chaka chonse, bola iwe usadzabereke dengu ili. Amalume ako ndiwo mwini mbumba, satsutsidwa pagulu. Ukanene zimene akufunazo. Mulungu adziwa kuti wakutuma ndine."

Misozi inalengeza m'maso mwa Teleza, koma mutu anapukusa.

"Amayi, pagululi si inu nokha. Agogo a Zelipa, okalamba a m'gulu lanu aja, nawonso alolera? Nanga mayi woyembekezera amene muli naye m'gulumo? Iwo andikhulupirira chifukwa ndimapita kusukulu. Ndiye sukuluyo ndikuphunzirira chiyani ngati ndiziwerengera anthu zabodza?"

"Koma mwana iwe ndiwe wouma mutu!"

"Ndinatengera kuchimuna kapena kuchikazi?"

A Miriam anafuna kukalipa, koma wenzulo wa sikelo unalira. Anangomuloza chala n'kunyamula dengu lawo.

6. Pasikelo

Sikelo inapachikidwa pa mitengo itatu yomangidwa pamodzi m'mbali mwa msewu. Inali ya ngowe yokolekapo katundu pansi ndi muvi woloza makilo. A Andreya, kalaliki wa pasikelo, anayeza masamba a mayi aliyense monga mwa masiku onse. Atatha, amayiwo sanabwerere m'mizere. Anakhala pansi, onse pamodzi 32.

Pepala lija linaikidwa pa dengu lovundikira, kabokosi ka inki kali pambali. Jonas anali pomwepo ndi katoni yatsopano yosatsegula, akumwetulira aliyense. A Zakeyu anatsokomola.

"Amayi, ena mwa inu mumakayika. Ndabweretsa mwana wanu yemwe, wa Fomu 2. Awerenge yekha, mumve nokha. Teleza!"

Teleza anaima kutsogolo. Anakweza kapaketi kaja m'mwamba.

"Apa alemba 450, zimenezo n'zoona."

A Zakeyu anagwedeza mutu mokondwa.

"Koma si makilo athu ano. A Andreya, chonde tapachikani kapaketika pasikelo."

Kalalikiyo anayang'ana kapitawo, anayang'ana amayi aja, kenaka anakoleka kapaketiko pa ngowe. Muvi unangoti zii, osasuntha ngakhale pang'ono. Mayi wina anaseka, anzake awiri n'kulandira.

"Aaa, mwana uyu akusokoneza!" anakuwa Jonas. "Ndi makilo a mphamvu, osati olemera!"

"Chabwino, tikambe za mphamvuzo," anatero Teleza. "K ameneyu si wa tiyi. Ndi muyeso wina, waung'ono kwambiri. Mayi wothyola tiyi amafunika 2,500 pa muyeso umenewu tsiku lililonse. Ndiponso 450 mukumvayo si ya kapaketi kamodzi, ndi ya timapaketi tinayi. Alemba apa, m'timalemba timene bambo Jonas amaphimba ndi chala. Kamodzi ndi 112 basi. M'katonimo muli tingati, bambo?"

"Makumi anayi," anayankha Jonas mosafuna.

"Tapachikani katoni yonseyo."

A Andreya anamanga katoniyo ndi chingwe n'kuikoleka. Muvi unasuntha, unadutsa 1 pang'ono, n'kuima pomwepo. Amayi amenewa sukulu sanapite nayo patali, koma muvi wa sikelo ankauwerenga kuposa mphunzitsi aliyense. Onse anangoti kukamwa yasa.

"Katoni yonseyi ndi kilo imodzi," anatero Teleza. "Mphamvu zake zonse sizingakwanire mayi mmodzi masiku awiri. Kapaketi kamodzi n'chimodzimodzi nthochi imodzi. Ndiye amene akufuna kusiya mbale ya kushedi kuti azilandira nthochi ziwiri, pepala ndi ilo, adinde."

"Nthochi ziwiri?" anakuwa agogo a Zelipa, mayi wamkulu pa onse m'gululo. "Kuseri kwa nyumba yanga nthochi zikudyedwa ndi mbalame! Ine pofika 2 koloko maondo amagwedera, ndimayesa ndi ukalamba. Kani ndi njala!"

"Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere," anatero wina kumbuyo.

Phokoso linabuka. Jonas anayamba kumasula katoni yake pa ngowe mofulumira. A Zakeyu anamenya ndodo pansi.

"Chete! Mukumvera kamwana? Achemwali, yambani ndinu."

Anagwira dzanja la a Miriam, anakanikiza chala chawo chachikulu pa inki, n'kuwasendezera pepala. Aliyense ankadziwa kuti mlongo wa kapitawo akadinda, ena onse atsatira.

A Miriam anayang'ana pepala, anayang'ana achimwene awo, kenaka mwana wawo. Chala chinali m'mwamba, inki ikuwala.

"Achimwene," anatero pang'onopang'ono, "mwanayu ndinamuuza ine ndemwe m'mawa uno kuti aname. Wakana. Walolera kutaya malo ogona chifukwa cha mimba yanga. Ndiye ine ndidinde, iye atayike pachabe? Iyayi. Mundikhululukire."

Anapukuta chala pa chitenje chawo mpaka inki inatha.

"Mbale sindinatenge lero, koma ndikadyera ngakhale pa tsamba la nthochi."

Anatembenuka n'kuyamba ulendo wa kushedi. Agogo a Zelipa anadzuka n'kutsatira. Kenaka awiri, kenaka asanu, kenaka gulu lonse, madengu atawasiya m'mbali mwa msewu. Pepala linatsala loyera monga linabwerera.

A Zakeyu anaika wenzulo pakamwa n'kuimba mwamphamvu. Anaimbanso kachiwiri. Palibe ngakhale mmodzi amene anacheuka.

Teleza zinamupweteka kwambiri, pakuti malume akewo ankawakonda. Anasendera pafupi n'kugwada pa udzu wonyowa.

"Malume, sindinafune kukunyozani. Koma bodza lija sindikanalitha."

A Zakeyu sanamuyang'ane. Anapinda pepala lija panayi, analiika m'thumba la malaya, n'kumapita.

7. Chikwama pakhonde

A Zakeyu analidi munthu wosabwereza mawu. Cha m'ma 4 koloko, Teleza ndi amayi ake atafika kunyumba kuja, anapeza chikwama chili pakhonde. Mabuku anali atamangidwa ndi luzi, yunifolomu atapinda pamwamba pake. Pachitseko panali loko.

Teleza anakhala pa sitepe n'kulira. Analira kulira kwenikweni, kosabisa. Amayi ake anamusiya alire, kenaka anapota nkhata ndi chitenje chija cha inki n'kusenza chikwama.

"Dzuka. Unayamba wekha, ndiye usandilirire pakhomo pa eni. Tiye."

"Nanga sukulu, amayi?"

"Sukulu yatani? Yasamuka? Lolemba tidzuka limodzi. Ine nditsalira ku nambala 9, iwe upitirira. Maola atatu kupita, atatu kubwera. Mtsinje ukadzaza, ndikuwolotsa ndine."

Anayenda mpaka anadutsa mizere yomaliza ya tiyi. Pamenepo a Miriam anapisa dzanja m'thumba, anatulutsa nthochi ziwiri zimene agogo a Zelipa anawapatsa, n'kupereka zonse kwa mwana wawo.

"Tandiuza, iwe wodziwa kuwerenga. Ulendo wa maola asanu ndi limodzi umafuna ma K angati?"

Teleza anaseka misozi ili m'masaya. Anabweza nthochi imodzi. "Ambiri, amayi. Koma iyi ndi yanu."

Asanamalize kusenda, anamva belu la njinga kumbuyo kwawo. Anali a Andreya, kalaliki uja, thukuta lili kamukamu. Anatsika n'kutulutsa kalata ya mu envulopu yofiirira.

"Yachokera ku ofesi ya manijala. Nkhani yakafika kale. Ine andifunsa kuti ndinapachikiranji katoni ya malonda pasikelo ya kampani, ndipo ndanena zoona zokhazokha."

"Akwiya?" anafunsa a Miriam.

"Nkhope ya bwana ine sinditha kuiwerenga, amayi. Si sikelo ija."

Teleza anatsegula kalatayo. Inali yaifupi. Inati mtsikana amene anayeza katoni ku nambala 9 akaonekere ku ofesi Lolemba nthawi ya 8 koloko m'mawa.

"Yangonena zomwezo?" anafunsa amayi ake.

Teleza anapukusa mutu. Monga mwa khalidwe lake, anali atawerenga mpaka pansi. Kumunsi kwenikweni kunali mzere wina wa timalemba ting'onoting'ono tolemba pamanja, ndipo anauwerenga mokweza.

"Asabwere yekha. Abwere ndi amene amamusunga pa esiteti pano."

Onse atatu anacheuka n'kuyang'ana kumtunda, kumene kunali nyumba ya loko ija.